Mbiri ya moyo wanga, gawo 7: Mtengo wosadyedwa

M'gawo lapita ndinalekezera pamene tinasamukira ku Matawale mu Zomba, pakhomo popanda mthunzi ngakhale wobisalapo nkhuku.

Mayi anali ndi lamulo lawo: mtengo wa pakhomo uzibereka chakudya. Mango, mapapaya, mapeyala, basi. Ndiye tsiku lomwe ndinabwera ndi khoko lalitali ngati chikwanje, lomwe ndinatola m'tauni pansi pa mtengo wa flamboyant, uja umachita psuu ndi maluwa mu Okutobala ndi Novembala, anangondifunsa kuti, "Iwe, maluwa udzatafuna?"

Ndinakwirira njere khumi kuseri kwa nyumba. Mwezi wathunthu kuthirira, koma zii. Nditafukula imodzi, inali gwa, ngati ndaikwirira dzulo.

Amene anandithandiza ndi agogo aamuna. Iwowo anagwirapo ntchito yosamalira maluwa kunyumba za boma likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, ndipo mitengo yachilendo ya mu Zomba ankaidziwa ngati ana awo. Uwu, anati, kwawo ndi ku Madagascar.

"Mdzukulu wanga, njere iyi ili ndi khungu louma, madzi salowa. Bwera nayo kuno."

Anakhala pansi n'kumaikwecha pamwala, mbali imodzi yokha, pang'onopang'ono, mpaka kaonekera koyera. Zala zawo zinkanjenjemera, koma sanapyoze mkati. Zinazo anandisiyira. Tinaziviika m'madzi usiku wonse, m'mawa zitatupa. Tinadzala m'mapaketi a Chibuku oboola kunsi ndi msomali, dothi la kudimba losakaniza ndi mchenga wa ku Likangala. Sabata isanathe, zinayi zinatulutsa mitu.

Mpaka lero ndimakumbukira timasamba take toyamba, tating'onoting'ono ngati ta bwemba, tikupindana madzulo ngati nato tikugona. Ndinkachita kugwada kuti nditione bwino.

Mbande ziwiri zinadyedwa ndi mbuzi, ina chiswe. Yotsalayo tinaiwokera ndi mvula yoyamba, kutali ndi nyumba, chifukwa agogo anachenjeza kuti mizu yake imayenda pamwamba ndipo imang'amba simenti. Ndinaitchingira ndi njerwa, n'kumawaza phulusa m'mbali.

Unachita maluwa m'chaka chachisanu ndi chimodzi, ine ndili Fomu 3. Nthambi ziwiri zokha, koma ndinaimirira pamenepo mpaka kuchedwa kusukulu. Pobwera masana ndinapeza mayi atayala mkeka pansi pake, akusankha nyemba, timaluwa tofiira tikugwera m'lichero. Ankangotichotsa kamodzikamodzi, osanena kanthu.