Zikomo Nonse Amene Munandithandiza pa Sopo wa Ukwati wa Mwana Wanga

Loweruka lapitali mwana wanga wamkazi analowa m'banja kuno ku Area 25, ndipo mlendo aliyense amene anafika kumadyerero anabwerera kwawo ndi mtanda wa sopo wopangidwa pakhomo panga. Mitandayo inalipo 150. Ambiri mwakhala mukundiyamikira ngati kuti ndinaigwira ndekha ntchitoyi, choncho ndaona kuti ndi bwino ndifotokoze poyera za anthu amene anaika manja awo pamene anga analephera.

Ndiyambe ndi mayi a nyumba yoyandikana nafe. Tsiku lina m'mwezi wa Juni, chifukwa cha phuma, ndinathira madzi mu soda wa kositiki, mankhwala owotcha amene amasakanizidwa ndi mafuta popanga sopo, m'malo mothira sodayo m'madzi pang'onopang'ono, komanso ndinali ndisanavale magolovesi. Madziwo anabwata nthawi yomweyo n'kundithovukira pa dzanja lamanja. Anthu atathamangira kukuwa kwanga, ena anati tipakepo mankhwala otsukira mano, ena anati mafuta ophikira, koma inu mayi munakana zonsezo ndipo munandithira madzi osalekeza kwa mphindi zoposa 20, mpaka mgolo umene munasungira banja lanu unatsala pang'ono kuuma. Anamwino amene anandilandira kuchipatala anandiuza kuti madziwo ndi amene anachititsa kuti bala lisalowe mkati. Nawonso anamwinowo ndikuwathokoza chifukwa chonditsuka balalo modekha kwa milungu itatu.

M'milungu imeneyo ndinataya mtima, pakuti sopo wotere sapangidwa lero n'kusambidwa mawa. Akachotsedwa m'chikombole amafunika kukhala pamthunzi podutsa mphepo kwa milungu inayi mpaka isanu ndi umodzi kuti aume ndi kulimba, ndipo tsiku la ukwati linali litalengezedwa kale kutchalitchi. Apa m'pamene amayi anzanga a banki m'khonde anabwera. Munandikhazika pa mpando, dzanja lili m'bandeji, inu n'kumavundula, ine ndikungolangiza ndi pakamwa, mpaka mafuta ndi soda zitagwirana n'kukhuthala ngati phala la mwana. Mmodzi wa inu anabweretsa poto wake wa aluminiyamu ndi mtima wabwino, ndipo sanakhumudwe nditamuuza kuti soda amadya chitsulo cha mtundu umenewo. Mawa lake anabwera ndi ndowa yolimba ya pulasitiki.

Alamu anga, sikelo yanu yoyeza magalamu ndi imene inachotsa mantha anga. Kale ndinkayeza ndi kapu, osadziwa kuti mafuta a mtundu uliwonse amafuna muyezo wake wa soda, ndiponso kuti a kokonati amafuna wambiri kuposa a mpendadzuwa. N'chifukwa chake sopo wanga woyamba nthawi zina ankayabwa, nthawi zina ankafewa ngati chigumu chosapsa. Ndithokozenso bambo ogulitsa nyama mumsika waukulu wa ku Old Town amene ankandisungira mafuta a ng'ombe Lachisanu lililonse. Mpendadzuwa wokha umatulutsa sopo wosachedwa kusungunuka, koma mafuta a ng'ombe, akasungunulidwa ndi kusefedwa bwino, amaulimbitsa mtanda kuti ukhalitse kubafa.

Mayi anga ondibereka, ku Mitundu uko, munatumiza ufa wa masamba a chamwamba umene munayanika ndi kusinja nokha ngakhale msana ukukuvutani. Mtundu wobiriwira unazilala pamene sopo ankauma, monga mmene masamba amachitira akakumana ndi soda, komabe ine ndinaukonda mtundu wofatsa umene unatsalawo kuposa utoto wogula. Mawu anu aja sindinawaiwale, akuti ntchito yangayi ndi mbale wake wa chidulo chimene munkatcheza kuchokera ku phulusa pophika therere. Munanena zoona, pakuti makolo m'madera ambiri ankapangira sopo madzi a phulusa omwewo.

Kwa mwana wanga ndi mwamuna wake, zikomo chifukwa chokana pamene ndinapempha kuti tingogula mphatso za m'sitolo. Mitanda isanu ndi umodzi yomalizira ndaisunga padera, ndipo mawa m'mawa ndikaipereka ndekha kwa mayi aja amene anandithira madzi a mumgolo wawo.