Mbiri ya moyo wanga, gawo 17: Mwana wa ku Four Winds Field

Gawo lapita ndinalekezera pamene ndinapeza ntchito ya usiku kunyumba yosamalira okalamba, chaka changa chachitatu mu South Bend, mzinda wa ku America. Lero ndikamba nkhani imene ena muione ngati yachibwana poti ndi ya masewera a pa intaneti otchedwa fantasy baseball. Kwa ine si yachibwana ayi. Inatsala pang'ono kundidanitsa ndi munthu amene anandilandira m'dziko la eni ngati mwana wobala yekha.

Munthuyo anali neba wathu, achikulire a zaka za m'ma 60, obadwira momwemo. Bambo awo anagwira ntchito ku Studebaker, kopanga magalimoto, mpaka fakitale ija itatsekedwa mu 1963. Iwo ankagwira ku Elkhart, kumene amapanga magalimoto okhala ndi nyumba mkati aja, ma RV. Ankanyamuka 4 koloko m'bandakucha. Ikamakwana 5 koloko amakhala ali kale pa makina, foni itatsekeredwa mu loka mpaka nthawi ya nkhomaliro.

Ndi iwo amene ananditengera ku Four Winds Field, bwalo la baseball, mu Epulo 2015, chaka chimene timu ya mumzindamu inasiya dzina la Silver Hawks n'kukhala South Bend Cubs. Kunkazizira moti zala zinkachita kuuma, ndipo ine wa mpira wamiyendo sindinkatolapo kanthu pa baseball. Anandipatsa pensulo ndi khadi lolembapo, n'kundiphunzitsa kulemba chilichonse chimene womenya wachita. Anandifotokozeranso kuti anyamata amene tinkawaonawo anali ana a m'munsi a Chicago Cubs. Masiku amenewo mwana akachita bwino ku South Bend ankakwera kupita ku Myrtle Beach, kenako Tennessee, kenako Iowa, ndiye kufika ku Chicago. Ambiri amathera panjira. Luso la wokonda masewerawa ndi kuona mwana ali pansi pomwe n'kudziwa kuti uyu akafika.

Kumayambiriro kwa 2016 munthu wina mu ligi yawo ya fantasy, mmene munthu amapanga timu yongoyerekeza ya osewera enieni n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene akusewerera, anasamuka, ndipo achikulire anandipezera mpando wake. Tinalipo anthu 12. Kwa inu amene mumasewera Fantasy Premier League, kusiyana kwake ndi uku: kwanuko Salah mmodzi akhoza kukhala m'matimu a anthu miyandamiyanda, pomwe kwathu wosewera aliyense ali ndi mwini mmodzi basi, ndipo ukamutenga ndi wako chaka ndi chaka mpaka utamugulitsa kapena kumutaya. Aliyense anali ndi malo asanu osungiramo ana a m'munsi, amene eni akewo amawatcha ma prospect. Mwana woteroyo sakubweretsera mapointi lero. Uli ngati munthu amene waokera mtengo wa mango, udikira zaka zitatu kapena zinayi.

Lamulo lotengera anawa linali lachidule. Dzina la mwana likangoonekera pa tsamba limene tinkasewerera, woyamba kudina ndiye mwini. Vuto linali lakuti tsambalo silinkakhala ndi mayina a ana onse, ndipo linkawawonjezera nthawi iliyonse, usana kapena usiku, popanda kulengeza.

Chaka cha 2016 chomwecho ku South Bend kunabwera mnyamata wa zaka 19 wochokera ku Dominican Republic, Eloy Jiménez. A Cubs anamusainitsa mu 2013 pa madola 2.8 miliyoni, koma kwa anthu ambiri a mu ligi yathu linali dzina chabe. Tsiku loyamba kumuona tinafika msanga, osewera akuyeserera kumenya. Achikulire anali akutsegula botolo lawo la khofi, osayang'ana n'komwe pabwalo. Mpira utalira pa ndodo ya mnyamatayo anasiya botolo lili chotsegula n'kutembenuka. "Wamva, mwana wanga?" anatero. "Dikira amenyenso, umvetsere." Kulira kwake kunalidi kwina, kouma ngati nkhwangwa pa mtengo wa tsanya. Anatulutsa kabuku kawo ka m'thumba n'kulemba dzinalo, pansi pake n'kujambula mizere iwiri.

Kuyambira tsiku limenelo sanabise. Ankauza aliyense, pootcha nyama, pa foni, ngakhale pothira petulo. Madzulo aliwonse asanagone ankafufuza dzinalo pa tsamba lija, koma silinkapezeka. Mnyamatayo anamaliza sizoni ndi avereji ya .329 (kumenya bwino pafupifupi kamodzi pa maulendo atatu), ma home run 14 (kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo), n'kusankhidwa wosewera wopambana onse mu Midwest League, ligi imene South Bend inkasewera. Koma dziko lonse linamudziwa pa 10 Julayi, pa Futures Game, masewero a ana a m'munsi odziwa kwambiri, ku San Diego, pamene anamenya home run komanso kuwakha mpira akugwera kuseri kwa kampanda.

Sabata yomweyo ndinali pa naiti. Cha m'ma 3 koloko ndinali nditamaliza kutembenuza agogo anga onse, chifukwa amene sangathe kudzitembenuza okha timawatembenuza maola awiri aliwonse kuti asachite zilonda. M'khonde munali zii, kumangomveka makina a mpweya m'chipinda cha kumapeto. Ndinakhala pansi kuti ndipumeko, n'kutulutsa foni. Ndinalemba dzina lija mongoyesa, ndipo linatuluka, pambali pake pali kabatani kobiriwira.

Sindinama kuti ndinadina mosaganiza. Ndinawaganizira achikulire. Ndinkadziwa kuti panthawiyo ali m'tulo, kuti akadzuka athamangira ku Elkhart, ndipo kuti foni adzaigwira masana. Mumtima ndinati ndikapanda kutenga ine atenga wina, fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndinadina.

Sanandilembere kanthu tsiku limenelo. Madzulo ndinawapeza akutchetcha kapinga, anandikwezera dzanja monga mwa masiku onse. Koma Loweruka, tsiku limene ankagogoda pakhomo pathu ndi matikiti awiri, galimoto yawo inatuluka yokha. Loweruka linalo chimodzimodzi.

Mayi a kunyumba ndi amene anaona msanga. "Inu bambo, achikulire aja mwawalakwira chiyani?" Ndinawafotokozera zonse, n'kumaliza ndi mawu akuti lamulo likundilola. Iwo amayendetsa chipereganyu cha amayi a ku Malawi a mumzinda muno, ndiye za malamulo a gulu amazidziwa kuposa ine. Anandifunsa kuti kodi gulu lawo likanalimba mwezi ungati akanati ndalama za mwezi uno atenge amene wayamba kufika pakhomo. "Ife timagwirizana ndandanda ndalama isanatuluke m'chikwama cha munthu," anatero. "Inu lamulo lanulo likusankha wodziwa mpira kapena amene ali maso?"

Usiku wotsatira ndinatsegula kaundula wa ligi, mmene mumalembedwa aliyense amene watengedwa ndi nthawi yake. Ndinabwerera m'mbuyo zaka zitatu. Ana abwino pafupifupi onse anapita kwa anthu awiri, wina wogwira mu ofesi amene kompyuta imakhala pamaso pake tsiku lonse, wina wophunzira pa koleji. Tsopano ndinali nditawonjezekapo ine wa naiti. A m'fakitale, mayi wina woyendetsa basi ya ana asukulu, ndi bambo wina wokhoma madenga, mayina awo ankaoneka pa ana otsala okhaokha.

Ndinapita kukagogoda. Ndinati, "Bambo, ndalakwa. Mwana uja ndi wanu, ndikubwezerani." Anandilowetsa kukhitchini, n'kundithirira khofi, koma anakana. Anati akalandira ndiye kuti nkhani yathera pa ife awiri, ndipo mawa mayi wa basi uja adzaluza wake popanda womubwezera. Chimene chinawapweteka, anatero, sichinali kuluza mwanayo kokha. Chinali chakuti kuyambira pamenepo ayenera kumabisa zimene aona pabwalo, ngakhale kwa ine amene timakhala mpando umodzi. Mawu amenewo anandilasa kuposa akanandikalipira.

Msonkhano wa ligi unachitika mu Novembala, mu galaja ya kamishona wathu, woyendetsa ligi, patangopita masabata awiri a Cubs atatenga World Series, chikho chachikulu cha baseball, koyamba chichokere 1908. Anthu anali osangalala, ndipo mwina n'chifukwa chake nkhaniyo inakambika popanda kutukwanizana. Achikulire anayamba ndi kukumbutsa kuti masewera a fantasy amenewa anayambira pa tebulo limodzi, mu 1980, pamene Daniel Okrent ndi anzake ankakumana mu lesitilanti ya La Rotisserie Française ku New York, aliyense ali ndi madola 250 ogulira osewera, onse akuonana maso ndi maso. Ine ndinawauza mwambi wa kwathu, liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Zinanditengera nthawi kuumasulira, koma wa madenga uja anaumva msanga n'kuomba m'manja.

Wa mu ofesi sanagonje msanga, ndipo mfundo yake inali ndi mutu. Anati iye amawerenga za ana amenewa tsiku lililonse, ndiye n'chifukwa chiyani khama lake lifanane ndi la munthu amene amatsegula tsamba kamodzi pa sabata? Ndinamuyankha kuti khama la kuwerenga lipindule ndithu, koma ine Jiménez sindinamupeze ndi kuwerenga. Anamupeza ndi achikulire, ine ndinangokhala ndi shifiti yabwino.

Tinagwirizana kuti kudina kwa woyamba kutheretu. Mwana aliyense wopanda mwini azitengedwa kamodzi pa sabata, Lamlungu 8 koloko madzulo, mwa kupikisana mitengo mobisa. Aliyense amapatsidwa madola 100 ongoyerekeza a sizoni yonse. Umalemba mtengo wako osaona wa mnzako, wokweza kwambiri ndiye watenga, ndipo ndalamayo yapita, siibwerera. Mitengo ikafanana amatenga amene ali m'munsi pa tebulo. Apa khama la wa mu ofesi uja limagwirabe ntchito, chifukwa wodziwa ndi amene amazindikira kuti uyu ndi wa madola 5, uyu ndi wa 60. Dzina likakhala kuti silinafike pa tsamba, umalilembabe, ndipo kamishona amalisunga pa ndandanda imene tonse timaiona. Mitengo ya kamishona mwiniwake imayenera kufika kwa munthu wina tsiku la Loweruka, asanaone ya wina aliyense. Mfundo imeneyi anaipempha yekha.

Ana atsopano, amene matimu enieni angowasankha kumene pa draft, imene nthawiyo inkachitika mu Juni, ndi akunja amene ankasaina kuyambira pa 2 Julayi, tinati asakhudzidwe mpaka Febuluwale, pamene tonse timakhala pansi n'kusankha mosinthana. Za amene ali mwana ndi amene wakula tinangobwereka malire a Major League, ligi yaikulu ya baseball: akapitirira maulendo 130 omenya, kapena ma inning (zigawo za masewero) 50 kwa woponya, sakhalanso m'malo a ana. Mwini ali ndi masiku 7 oti amukweze kapena amumasule.

Pamene tinakhalitsa ndi pa funso la woyamba kusankha mu Febuluwale. Poyamba onse tinati akhale wotsiriza pa tebulo, kuti wofooka adzuke. Koma mayi wa basi anafunsa kuti nanga munthu akaona mu Ogasiti kuti chikho chamudutsa, n'chiyani chingamuletse kukhazika pa benchi osewera ake abwino kuti athere pansi dala? Onse tinangoti chete, chifukwa aliyense ankadziwa kuti zinachitikapo. Wina anati ndiye asankhe woyamba amene wachita bwino mwa olephera, koma zimenezo zikanapondereza wofooka weniweni. Tinathera pa maere a m'chipewa. Matimu asanu ndi limodzi a m'munsi amalowa m'chipewa, wotsiriza ndi timapepala 6, wotsatira 5, mpaka 1. Wofooka ali ndi mwayi wokulirapo, koma palibe amene angaugule ndi kuluza dala. Ine ndimaonabe kuti mfundo imeneyi ndi imene inapulumutsa ligi yathu, ndipo ndinamwetulira mu Disembala 2022 pamene Major League yeniyeniyo inachita maere ake oyamba a masankho asanu ndi limodzi apamwamba.

Lamulo latsopano linayesedwa kwenikweni mu 2018. Juan Soto, amene chaka cham'mbuyo anavutika ndi kuvulala moti palibe anamusunga mu ligi yathu, anayamba Epulo ali ku Hagerstown, timu ya m'munsi ya Washington Nationals, ndipo pa 20 Meyi anali atafika kale ku Washington ali ndi zaka 19. Tsikulo linali Lamlungu. Mwa lamulo lakale akanapita kwa amene anali pafupi ndi foni uthenga utangotuluka. M'malo mwake tonse tinali ndi tsiku lathunthu loganiza. Ine ndinalemba 40. Achikulire analemba 66 ali pakhonde pawo. Mayi wa basi analemba 71 n'kumutenga, ndipo mawa lake Soto anamenya home run. Achikulire anamuimbira mayiyo foni kumuyamikira, ine ndili pomwepo.

Jiménez anakhalabe wanga, chifukwa msonkhano unagamula kuti lamulo latsopano siligwira zakale. Mu Julayi 2017 a Cubs anamupereka ku White Sox, timu ina ya ku Chicago, pamodzi ndi Dylan Cease posinthana ndi José Quintana, ndipo mu 2019, chaka chake choyamba pamwamba, anamenya ma home run 31. Chilimwe chimenecho ndinagula matikiti awiri, n'kukagogoda ine pakhomo pa achikulire. Tinakwera sitima ya South Shore pabwalo la ndege la South Bend kulowera ku Chicago. Titadutsa Michigan City anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa kabuku kakale kaja, chikuto chitayamba kunyenyeka. Anatsegula tsamba la Epulo 2016, pamene panali dzina lija ndi mizere iwiri pansi pake, n'kundipatsa kuti ndigwire pamene iwo ankatsegula botolo la khofi.