Mmene ndinagulira thabwa la bawo ku Senga Bay

Thabwa la bawo losemedwa bwino saligula tsiku limodzi. Umaitanitsa, n'kudikira. Ndipo nyengo yabwino yoitanitsira ndi yozizira ino, Juni kapena Julayi, mitengo itauma komanso osema asanapanikizike ndi alendo a m'Ogasiti. Aphunzitsi anzanga atasonkha ndalama zoti tigulire mphatso ahedi athu opuma pantchito, ntchitoyi anandisenzetsa ine, ndipo ndinaiyenda motere.

Ndinayamba ndapita ku Mua, osati kukagula ayi, koma kukazoloweza maso. Mua ali m'boma la Dedza, komabe kwa ife a ku Salima ndi pafupi: mumakwera minibasi ya msewu wa M5 yolowera ku Golomoti, n'kutsika pamphambano ya ku mishoni chakufupi ndi Mtakataka, kabaza n'kukukwezani mtunda. Mishoniyi anaitsegula ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo malo a zaluso a Kungoni anawayambitsa mu 1976 ndi Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anapatsidwa mfunda wa Chisale. M'nyumba ya Chamare, yosungiramo za mbiri ndi chikhalidwe, muli chipinda cha gule wamkulu chokhala ndi zigoba zoposa 400, ndi china cha Angoni ndi Ayao. Werengani zolembedwa m'makomamo mosathamanga, ndipo musatulutse foni kuti mujambule musanafunse wokuyendetsani. Gule yemweyu bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi mu 2005. Amene akufuna kuona magule pabwalo aonkhetse ulendo wake ndi chikondwerero cha chikhalidwe chimene chimachitika kumeneko mu Ogasiti.

Koma chomwe ndinapitira chinali m'nyumba yoonetsera ziboliboli. Kumeneko ndi kumene munthu umadziwira kuti chosema chomalizidwa chimaoneka bwanji. Tembenuzani chiboliboli muone kumbuyo ndi kunsi kwake: mmisiri weniweni amasalaza ngakhale pamene diso silifika. Mukazolowera zimenezo, za m'mbali mwa msewu zambiri zimayamba kukuonekerani zolakwika zake.

Kenako Senga Bay. Kuchokera pa boma la Salima ndi makilomita pafupifupi 20, ndipo timisasa ta ogulitsa ziboliboli tandandalikana m'mphepete mwa msewu musanafike kunyanja. Funso langa loyamba pa kamsasa kalikonse linali lakuti, "Achimwene, mumasema nokha kapena mumapikula?" Ambiri amapikula, ndipo si tchimo, koma wofuna dzina lilembedwe pathabwa ayenera kupeza mwini sompho. Ndinamupeza kuseri kwa timisasato, bambo wachikulire, mapazi atakwiririka m'zipalapala za mitengo.

Nkhani yaikulu ndi mtundu wa mtengo wosemera. Aliyense amafuna mphingo chifukwa cha kuda kwake, ndiye ena amatenga mtengo wofewa n'kuupaka polishi wa nsapato. Mphingo weniweni ndi wolemera kwambiri moti umamira m'madzi, ndipo nthawi zambiri m'mbali mwake mumatsalira kachigawo koyererako. Nyowetsani kansalu koyera, tikitani kunsi. Kakada, ndi polishi ameneyo. Bambo aja anandiletsa okha za mphingo. "Aphunzitsi, mphingo sukula thunthu loti mutulutsemo thabwa lotambalala. Wokuuzani zimenezo akunama. Tengani mlombwa kapena mbawa." Ndinasankha mlombwa chifukwa cha mizere yake yofiirira, komanso chiswe sichiukonda. Za timabokosi tonunkhira ta mkungudza ndinangozidutsa, poti mtengo umenewo watsala pang'ono kutheratu paphiri la Mulanje, ndipo ine sindifuna kuthandizira kuumaliza.

Musavomere mtengo musanauone. Apempheni akutulutsireni chipika chenichenicho, muchigogode ndi chala. Chouma chimalira mokweza, chachiwisi chimangoti phu. Chachiwisi chimasemeka mosavuta, n'chifukwa chake othamangitsidwa amachikonda, koma dzuwa la Okutobala likafika thabwa limapindika n'kung'aluka pakati pa maenje.

Tinapangana zonse chimodzichimodzi: mizere inayi ya maenje asanu ndi atatu, onse pamodzi 32, awiri otchedwa nyumba akhale a makona anayi, thabwa lopinda pakati lokhala ndi mahinjesi. Kuya kwa dzenje tinayeza ndi zala zanga, chifukwa losaya nkhomo zimathawa, lakuya kwambiri limapweteka zikhadabo. Dzina la ahedi ndinalemba papepala m'malembo akuluakulu, ndipo pepalalo ndinalijambula pafoni iwo akuona. Pamalonda sitinalimbane kwambiri. Anatchula, ndinatsitsako, tinakumana pakati. Kutsitsa mopitirira kumangochititsa kuti akusemereni mothamanga. Ndinapereka theka kudzera pa Airtel Money kuti uthenga ukhale umboni, popeza lisiti kulibe kumeneko.

Musawapatse tsiku lenileni la mwambo wanu. Nenani la pafupi, lofika mwambowo usanayandikire.

Za chakudya, muyende ndi mtima wololera. Nyengo ino mwera ukaomba asodzi salowa panyanja, ndiye chambo chimasowa kapena chimakwera mtengo. Tsiku limene ndinapita kukaona ntchito ili pakati, nyanja inali itakwiya, ndipo ndinadya nsima ya usipa wothira tomato pa kalesitilanti ka pamsika. Kunali kukoma kuposa chambo cha m'filiji chimene ena amakakamira.

Ulendo wa pakatiwo ndi wofunika kuposa womaliza. Ndinapeza maenje atakumbidwa koma asanapake kalikonse, ndipo pangodya ina panali kamng'alu kamene anakamata ndi guluu wosakaniza ndi utuchi. Akanapaka polishi sindikanakaona. Sindinakalipe, ndinangoikapo chala. Anaseka, akuvomera kuti mnyamata wawo anagwetsa, ndipo mbali imeneyo anaisema ina. Zinachedwetsa ntchito, koma nthawi inalipo.

Potenga, ndinayendetsa chala m'dzenje lililonse kufuna pokhakhala, ndinatsegula ndi kutseka thabwa kuona ngati mbali ziwirizo zikukumana bwino, n'kuliika pansi posalala kuti ndione ngati likugwedera. Nkhomo tinawerenga limodzi mpaka 64, ndipo ndinapempha zina zapadera poti ana sachedwa kutaya. Ndinamaliza ndalama yotsala. Analikulunga m'manyuzipepala ndi katoni, ine n'kuvundikira chitenje, ndipo m'minibasi ndinalifukata pamiyendo chifukwa kumbuyo anali atalonga madengu a usipa. Malangizo awo omaliza anali akuti lisamagone padzuwa, ndipo kamodzikamodzi azilipaka timafuta pang'ono ndi kansalu.