Filimu ya madola 200 yandigoneka mochedwa

Dzulo usiku ndinaonera Who Killed Captain Alex? pa YouTube, filimu ya 2010 imene Isaac Nabwana anajambulira kwawo ku Wakaliga, mumzinda wa Kampala ku Uganda. Akuti ndalama zonse sizinapose madola 200. Abale inu, ndinaseka mpaka nthiti kuwawa! Mfuti zokhoma ndi zitsulo zakutha, magazi ongojambula pa kompyuta, helikopita ngati chidole cha mwana. Koma kung fu yakeyo ayi ndithu, anyamata aja anaiphunziradi.

Amene anandimaliza ndi VJ Emmie, wolongolola pamwamba pa filimu yonse, ndendende omasulira a m'mavidiyo sho aja tinkalowa ndi chenje cha kuchigayo, kunyumba n'kukanama kuti chagwa. Za amene anapha Alex musandifunse, filimu inatha osandiuza.