Nambala ya pakapepala ndiyo inanditulutsa mu Nampula

Ntchito yanga ndi yolondola makontena a tiyi pa esiteti ina kuno ku Mulanje, ndiye Mozambique kwa ine ndi kuseri kwa nyumba. Mu Seputembala 2024, ndikukonzekera ulendo wa ku doko la Nacala, ndinapita ku Limbe kukagula inshuwalansi ya paulendo monga mwa nthawi zonse. Mayi amene amatigulitsa anandifunsa ngati ndinawerengapo tsamba lotchula zimene kampani silipira. Zaka zonsezi ndinkangosaina. Titatsegula, panalembedwa poyera kuti nkhondo, zipolowe ndi kuukira boma, zonsezo ayi. Ndinkayenda ndi inshuwalansi ya matenda, ngozi ndi katundu wotayika basi.

Yokutulutsa m'dziko zinthu zikavuta ndi ina, yolipira padera. Abwana anang'ung'udza ndi mtengo koma anavomera, poti chisankho cha ku Mozambique cha pa 9 Okutobala chinali pakhomo. Fomu yake sinavute: pasipoti, masiku a ulendo, mizinda yodutsamo, kogona, ndi wachibale woti adziwitsidwe.

Chimene chinatenga nthawi ndi malamulo ake. "Bambo, nyumba ikayamba kupsa palibe angakugulitseni inshuwalansi ya moto," anatero mayiwo. Ugule kusanavute. Dera limene maboma anachenjeza kale kuti anthu asapiteko silikhalamo, monga kumpoto kwa chigawo cha Cabo Delgado ku Mozambique, komwe zigawenga zakhala zikuvutitsa kuyambira 2017. Lamulo linalo analibwereza katatu: usanakwere chilichonse, uyambe waimbira nambala yawo yothandiza usana ndi usiku. Ukadzipezera wekha galimoto n'kubwera ndi lisiti pambuyo, akhoza kukana kukubwezera. Anandipatsa cholembera kuti nambalayo ndilembe pakapepala n'kupisa m'pasipoti. Ndinaseka mumtima, foni ndili nayo.

Pa 24 Okutobala, zotsatira zitalengezedwa kuti wapambana ndi Daniel Chapo wa Frelimo, ndinali ku Nampula pobwerera. Otsatira Venâncio Mondlane, amene ankapikisana naye, anakana zotsatirazo. Matayala anayaka m'misewu, masitolo anatseka, utsi wokhetsa misozi unkalowa mpaka m'chipinda. Mawa lake intaneti ya pafoni inazima. Imelo yokhala ndi mapepala anga onse a inshuwalansi sinatsegukenso, WhatsApp zii. Kapepala kaja ndi mayunitsi ochepa oimbira kunja ndizo zinatsala.

Nditaimba nambala ija, woyankha anafunsa nambala ya inshuwalansi, malo enieni amene ndinali, ngati ndavulala, madzi ndi chakudya zatsala zochuluka bwanji, komanso batire ya foni. Kenako anati ndikhale pomwepo, ndisayandikire zenera. Apa ndinapsa mtima, ndisaname. Ndinkaganiza kuti ukalipira ndalama zotere, galimoto imafika nthawi yomweyo. Ayi ndithu, nthawi ndi njira amasankha ndi iwo, malinga ndi zimene anthu awo a m'deralo akuwauza. Ukanyanyala n'kunyamuka wekha, zako zimenezo. Pano ndimaona kuti ankanena zoona: Chipwitikizi changa n'chongogulira chakudya, ndikanati chiyani kwa anyamata otseka msewu ndi miyala?

Masiku awiri ankandiimbira m'mawa ndi madzulo. Usiku wachiwiri anandipatsa dzina la dalaivala, mtundu wa galimoto ndi nambala yake, n'kundiuza kuti zikapanda kugwirizana ndisakwere. Chikwama chimodzi chokha. Tinanyamuka kusanache, kudzera ku Alto Molócuè ndi Mocuba mpaka ku Milange, ndipo penapake tinaima nthawi yaitali kudikira foni yoti kutsogolo kwatseguka.

Pangano limati amakufikitsa pamalo otetezeka apafupi, osati pakhomo pako. Amene anathawa nkhondo ya ku Khartoum mu Epulo 2023, ambiri malo oterewa anali Port Sudan kenako Jeddah, kwawo kudakali kutali. Kwa ine anali chipata cha Muloza, phiri lathu likuonekera apo. Achimwene anali akudikira tsidya lino ndi njinga yamoto.

Sabata yotsatira ndinatumiza fomu yofunsira ndalama, malisiti a kogona masiku owonjezera aja, ndi chithunzi cha zidindo za m'pasipoti. Za kogona anabweza. Za mayunitsi sanabweze, poti malisiti ake ndinalibe.