Pushover: munthu wosachedwa kugonja

Mlimi wa thonje ku Ngabu wanenetsa m'mawa kuti sagulitsa pansi pa mtengo umene boma lalengeza. Venda wafika ndi sikelo yake, wamunyengerera pang'ono, ndipo dzuwa lisanapendeke thonje lonse lakwera galimoto. Munthu wotere pa Chingerezi amati *a pushover*.

Mawuwa alumikiza *push*, kukankha, ndi *over*, kugwera uko. Munthuyo ali ngati mpanda wa bango umene chiswe chadya kunsi: mbuzi ikangoutsamira, wagwa. Ife timati wotengeka, kapena wosatha kukana, ndipo lachiwirili ndi limene layandikira kwenikweni.

Ambiri amawasokoneza ndi *gullible*. Amene ali *gullible* amakhulupirira bodza, monga wotumiza ndalama pa foni atauzidwa kuti wapata mphoto pa mpikisano umene sanalowe nawo. Koma *pushover* kawirikawiri amadziwa kuti akumudyera masuku pamutu, chomuvuta n'kulimba mtima kuti anene kuti ayi. Ikakhala nkhani ya ngongole, monga wogwira ntchito m'minda ya nzimbe ku Nchalo amene malipiro ake amathera kubwereketsa anzake tsiku lomwelo walandira, mawu oyenera ndi *a soft touch*.

Polemba pamalakwika zinthu ziwiri. Liwuli ndi dzina, choncho kutsogolo kwake pamafunika *a*: *He is a pushover*. Anthu ambiri amasiya kachilembo kameneka chifukwa m'Chichewa mulibe. Komanso lilembedwe mophatikiza. Mukalilekanitsa kuti *push over* lasanduka mneni, ndipo mwanena za kukankha chinthu mpaka kugwa.

Kumuuza munthu pamaso kuti ndi *pushover* n'kumunyoza, ndiye musayerekeze kwa apongozi kapena abwana. Si mawu a m'kalata yofunsira ntchito, ndi a pamacheza. Koma mukawatembenuza amasanduka chiyamikiro. *She is no pushover* akuyenera mayi wogulitsa mlamba wowamba pa Bangula, amene munganenerere naye mpaka thukuta osachotsako ngakhale K100.

Mukawonjezera *for*, chipongwe chimachepa: *Grandmother is a pushover for her grandchildren* ndi agogo amene zidzukulu zikapempha kanthu sakaniza. Mawuwa amanenanso ntchito yosavuta, kapena timu ya mpira yongodutsapo: *That team was a pushover*.