Mtundu wofiira pa zikwangwani

Anzanga osindikiza zikwangwani, mtundu wofiira ndi umene umavutitsa kuposa ina yonse. Pa kompyuta ukuoneka wofiira psuu, koma potuluka mu printa yaikulu ija wasanduka olenji, mwinanso wofanana ndi njerwa.

Printa ya CMYK, ya inki zinayi (cyan wa buluu wowala, magenta wonga pinki, yellow ndi black), ilibe inki yofiira, imangosakaniza magenta ndi yellow. Ndiye musatumize RGB 255, 0, 0 (manambala a mtundu wofiira wa pa sikirini) n'kumati makina asintha okha, chifukwa kuwala kwa sikirini inki singakufikire. Ine ndimayambira pa magenta 100%, yellow 100%, cyan ndi black zili pa 0. Cyan ikangolowamo ngakhale pang'ono, mtundu umazilala. Ukapendekera ku olenji, tsitsani yellow afike 90 kapena 85.

Chimene ambirife timanyalanyaza ndi ICC profile, fayilo imene imathandiza printa kutulutsa mitundu yoyenera pa chinthu chimene mukusindikizapo. Ya vinyl (pulasitiki yomata) yonyezimira musaigwiritse ntchito pa banner, pakuti zinthuzi zimalandira inki mosiyana. Pangani kaye nozzle check (kusindikiza mizere yoyesera timabowo totulutsa inki), muyang'anitsitse mizere ya magenta. Mukaona timipata, tsukani head (chipangizo chimene chimathira inki) musanawononge mpukutu wonse. Onjezeraninso ma pass (maulendo amene head imadutsa pamalo amodzi), olo ntchito ichedweko.

Koma chimene ndimachikhulupirira kwambiri ndi ichi: sindikizani timabokosi tofiira tosiyanasiyana pa vinyl yomweyo, pansi pa kalikonse mulembe manambala ake. Tikauma, tulukani nato panja padzuwa, kasitomala aloze yekha kamene wakakonda.

Ngati ntchito zofiira zimakuchulukirani, ganizirani makina okhala ndi inki yofiira ndi ya olenji, monga Epson SureColor S80600.